Zaka za mafupa akalekale amazidziwa bwanji?

kafunsefunse:
Abale ndithandizeni apa mutu waima. Ndawerenga kuti carbon-14, mtundu wa kaboni womwe amayezera zaka za zinthu zakale, imangoyeza zinthu zosapitirira zaka 50,000, koma pena akuti Lucy uja (mafupa a cholengedwa chakalekale chofanana ndi munthu) anapezeka ku Hadar ku Ethiopia mu 1974 ndi wa zaka 3.2 miliyoni zapitazo, ma dinosaur akuti anatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Nanga poti kaboniyo safika kumeneko, manambalawa akuwatenga kuti? Sikuti ndikutsutsa ayi, ndikungofuna ndimvetse.

wamiyala:
Achimwene apa mpomwe ambiri amasokonezekera. Lucy sanayezedwe ndi kaboni, ndipo sizingatheke nkomwe. Zomera zimatenga carbon-14 mu mpweya, nyama zimaipeza podya, ndiye chinthu chikafa basi kulowa kwatha, yomwe inalimo imayamba kuchepa, pakatha zaka 5,730 yatsala theka, zina 5,730 yatsala kota, kumangotero. Mukadula pakati ka 9 mwadutsa kale zaka 50,000 ndipo kotsalako nkochepetsetsa moti timizu kapena nkhungu ya lero ikangolowa mufupamo zonse zasokonekera.

Kwa Lucy anayeza phulusa la volokano osati fupa. Mu phulusamo mumakhala timakristalo, timiyala ting'onoting'ono tokhala ndi mchere wa potassium, ndiye potassium-40 imasanduka argon pang'onopang'ono zedi, theka lake limatha pa zaka 1.25 biliyoni. Chimene chimandisangalatsa ine nchakuti argon ndi mpweya, mwala ukakhala wosungunuka ndi moto amathawamo, ukangozizira amayamba kutsekeredwa mkati, wotchi yayambira pa ziro tsiku lophulikalo. Tsono fupa likapezeka pakati pa phulusa lapansi ndi lapamwamba, mumayeza awiriwo, zaka za fupalo zili pakati pakepo.

mayi_aphunzitsi:
Ndiwonjezereko pang'ono pa za pansi ndi pamwambazi. Tengani botolo lagalasi, thirani mchenga, madzi, mudikire zikhazikike, mawa muthiremo dothi lofiira, mkuja phulusa, muona mizere yosanjikizana ndipo palibe angakuuzeni kuti wapansiwo unabwera pomaliza. Wasayansi wina, Nicolas Steno, analemba zimenezi mu 1669, kulibe labu kulibe makina. Kungoti njira imeneyi imangokuuzani chachikulu ndi chaching'ono, nambala ya zaka sikupatsani, komanso pena nthaka imapindika kapena munthu anakumba dzenje nkukwiriramo zinthu, ndiye ofukula amayenera kulemba malo enieni pomwe chinthu chatuluka asanachinyamule. Fupa longotoledwa popanda kudziwa mzere wake lataya nkhani yake yambiri. Ku Laetoli ku Tanzania zinakoma chifukwa mapazi a zolengedwa zakale zofanana ndi anthu omwe gulu la wofukula zakale Mary Leakey linapeza mu 1978 anapondedwa mu phulusa lenilenilo, zaka zoposa 3.6 miliyoni zapitazo.

kafunsefunse:
Zikomo kwambiri akuluakulu, zayamba kumveka. Koma chatsala chimodzi, tingadziwe bwanji kuti liwiro lochepera lija silinasinthe kalelo, poti panalibe amene ankaona?

wamiyala:
Ayesapo kutenthetsa, kuziziritsa, kupanikiza, liwirolo silisuntha mwakuti nkusintha ziwerengerozi chifukwa zimachitikira mkatikati mwa atomu. Koma chomwe chimandikhutiritsa kwambiri ine ndi kugwirizana kwa mawotchi osiyana. Mu kakristalo kamodzi ka mwala wotchedwa zircon muli mitundu iwiri ya chitsulo cha uranium, uranium-238 ndi uranium-235, zonse zimasanduka lead (mtovu) koma ina theka limatha pa zaka 4.47 biliyoni inayo pa 704 miliyoni, ndiye ziwirizi zikaloza chaka chimodzi simunganene kuti zangochitika. Zikasiyana amadziwa kuti kakristaloko kanadontha nkutaya zina zamkati mwake, sakakhulupirira.

Kumbali ya kaboni chomwe chinkasinthadi si liwiro koma kuchuluka kwake mu mpweya, zaka zina yambiri zina yochepa, nchifukwa chake amakonza manambala pofananiza ndi mizere ya mkati mwa mitengo yomwe munthu amachita kuwerenga ndi maso umodziumodzi, kubwerera mmbuyo zaka zoposa 12,000. Mukaona alemba nambala kenako ± pambali pake musadumphe kachizindikiroko, nkomwe kakukuuzani kuti muyezowo ungaphonye ndi zaka zingati.