Thanzi akusungunula m'kapu ya tiyi, zinc akusiyira panjira

Nesi wa ku sikelo: Mwaswera bwanji anzanga. Tandithandizeni maganizo. Mvula yangoyamba kumene koma ana otsegula m'mimba achuluka kale, nde chikundiwawa nchoti ena akumabweranso patatha masiku atatu atafooka kuposa poyamba chonsecho Thanzi (paketi ya mchere ndi shuga yosungunula m'madzi) tinawapatsa, mapiritsi a zinc tinawapatsa. Dzulo ndinafunsa mayi wina kuti tandionetseni mmene munasungunulira, shaa paketi yonse anathira m'kapu imodzi ya tiyi ati kuti mankhwala akhale amphamvu. Mwana anakana kumwa, mchere umenewo angamwe ndani. Zinc anampatsa masiku awiri, kutsegula kutasiya nayenso basi. Ndipo mayi ameneyu pa maphunziro a m'mawa amakhala kutsogolo kwenikweni, nyimbo amayambitsa ndi iyeyo. Tikuphonya pati?

HSA (mlangizi wa zaumoyo) wa ku Lunzu: Sisitala zimenezo ndi zathu zomwe kuno. Vuto ndi mawu oti lita. Ife timangoti lita imodzi lita imodzi ngati aliyense ali ndi jagi ya manambala kunyumba. Ine ndinasiya, ndimayenda ndi botolo la madzi la 500ml m'chikwama, ndimati awiri ngati awa, thirani paketi yonse, takasani mpaka isungunuke. Amene alibe ndimamuuza botolo la Sobo lija la malita awiri, madzi afike pakati.

HSA wa ku Chileka: ife anatiphunzitsa mabotolo atatu a Fanta kkkk

HSA wa ku Lunzu: Achimwene agalasi aja ndi 300ml, atatu ndi 900, lita sinakwane. Komanso pano mabotolo a zakumwa achuluka mitundu, mukangoti a Fanta wina atenga lapulasitiki wina lagalasi. Bola la madzi nambala yalembedwa pomwepo.

Sisitala wamkulu wa wodi ya ana: Ana anga, nkhani ya kapuyo musaitenge ngati yoseketsa. Thanzi wokhathamira chonchija ndi woopsa, mchere ukachuluka umakoka madzi kubwera nawo m'matumbo, kutsegula kumaonjezeka ndipo mwana atha kukomoka. Ife kuno timawalandira atafika kale pofunika dripu, mtsempha osaoneka, kumufunafuna mwana pamkono mpaka pamutu mayi ake akulira. Amene munagwira ntchito nthawi ya kolera ija mu 2022 ndi 2023, mpaka sukulu za mu Blantyre muno kuchedwa kutsegulira Januwale uja, mukudziwa kuti ambiri anapulumuka ndi madzi omwewa osungunula bwino. Muziwauzanso kuti akatha maola 24 otsalawo atayidwe, asungunule ena. Ndipo madziwo akhale owiritsa kapena othira kolorini, osati ongotunga pachitsime.

Nesi wa ku sikelo: Zikomo amayi. Koma zonsezi timanena ndithu, mawu ake omwewa. Sizikulowa.

Sisitala wamkulu wa wodi ya ana: Mumanena inuyo. Iwowo amanena chani? Mukafunsa kuti mwamva aliyense ayankha eee chifukwa akuopa yunifomu komanso akufuna atenge mankhwala azipita, ena asiya geni pamsika. Mpatseni botolo ndi paketi asungunule yekha inu mukuona. Manja saiwala msanga ngati makutu.

Nesi wophunzira: Pepani ndifunse nawo, ndi mzere umene umakhalapo Lolemba uja zingatheke kuti aliyense asungunule? Tingaweruke usikutu

HSA wa ku Bangwe: Osati aliyense achemwali. Ife timapatula a ana otsegula okhaokha, kuwakhazika pa kona ya ORS (pomwetsera ana Thanzi) asanu kapena asanu ndi mmodzi, mayi mmodzi asungunule anzake akuona, akalakwitsa amamukonza okha ndipo amakonzana mwaukali kuposa ife kkkk. Zomwe wasungunulazo nde zomwe ana ayambe kumwa pomwepo ndi supuni, palibe chotayika. Osakwana zaka ziwiri kota kapena theka la kapu akangochita chimbudzi, okulirapo theka kapena kapu yodzadza. Akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso pang'onopang'ono. Bere osasiya.

Nesi wa ku sikelo: Iyi nde ndaikonda. Nanga zinc?

HSA wa ku Bangwe: Zinc nde mutu weniweni. Sikuti amaiwala ayi, amasunga dala. Ndinapeza mayi wina ali ndi mapiritsi asanu ndi awiri atakulunga m'kapepala ka shuga pamwamba pa khoma, ati akudikira ulendo wina mwana akadzadwala asadzavutike ndi thiransipoti. Nzeru zake zinali zomveka ndithu, sindinamukalipire. Ndinangomuuza kuti akamaliza masiku 10 onse mwana amatetezeka kwa miyezi iwiri kapena itatu, ulendo winawo mwina sudzakhalapo nkomwe. Pamenepo nde anamva. Ambiri sitiwauza chifukwa chake, timangoti mumalize.

HSA wa ku Lunzu: Ine ndimajambula timabokosi 10 m'buku la mwana lakuchipatala, akampatsa achonge. Osatha kulemba amangodinda ndi khala kapena chala. Ndipo ndimati mumpatse akangomaliza phala la m'mawa chifukwa ena amasanza akamwa m'mimba mulibe kanthu, akasanza kamodzi mayi amati mankhwala amukana basi kusiya. Wa miyezi iwiri kufika isanu ndi umodzi theka la piritsi, kusungunula pa supuni ndi mkaka wa m'mawere, kuposera apo lonse.

HSA wa ku Chileka: Koma anzanga mukuiwala agogo. Mayi mumuphunzitse bwanji, akafika kunyumba apongozi akangoti mwanayu akumera mano zisiya zokha, nkhani yathera pomwepo. Liwombo likalowa nde amathamangira kokamumata mankhwala pamutu, mwana amafika kwa ife liwombo lili bii ndi zopaka, maso atalowa kale. Ine ndinapempha amfumu andipatse mphindi zochepa pa msonkhano wa m'mudzi, ndinatenga tomato wofota ndi wina wabwino, ndinati liwombo kulowa ndi chonchi, madzi atha m'thupi. Zopakazo sindinanyoze, ndinangoti chilichonse mukuchita Thanzi ayambe ndipo mwana abwere tsiku lomwelo. Agogo ena pano ndi amene akumabwera nawo ana okha.

Kiliniko ofesa: Ndiwonjezere pang'ono. Pa kona yanuyo musamusunge mwana amene akulephera kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka, wangoti lefuu, kapena mukatsina khungu la pamimba likubwerera mochedwa kwambiri. Ameneyo alowe kwa ine pompo asaime pamzere, ngati ndi wotumiza ku chipatala chachikulu cha Queens tisachedwe naye. Wa magazi m'chimbudzi ndimuonenso.

Nesi wa ku sikelo: Zamveka bwana. Mawa ndiyamba, mabotolo awiri ndatola kale mu ofesi, timabokosi ndijambula ndekha. Chikusowa ndi ndowa ya mpopi, yathu inasweka chivindikiro. Alipo ali ndi yapadera andibwereke mpaka Lachisanu?

HSA wa ku Bangwe: Ilipo koma kampopi kake kamadontha, mukamange ndi mphira. Ndikusiyirani mu Limbe m'mawa cha m'ma 7, mundiimbire mukatsika minibasi.