Lens yokulitsa chithunzi cha laser pamalo opanikiza: igwira?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Laser ndi ya RGB (yofiira, yobiriwira ndi yabuluu), 3 W, ma scanner (tigalasi toyendetsa beam pojambula chithunzi) a 30K, kutanthauza ma point 30,000 pa sekondi. Ikuyenera kudzaza khoma la mamita 12 m'lifupi, koma poiika pali mamita 6 okha kuchokera kukhomako. Chithunzi chikuthera pa mamita 4 ndi pang'ono. Ndikakweza size mu software, makona a zilembo akufufutika ndipo ma scanner akulira. Kodi wide-angle lens ithetsa zimenezi? Nanga ma lens aja opanira pa foni angagwire?

Woyankha 1: Tiyambe ndi masamu, bwana. Mamita 12 pa mtunda wa mamita 6 akufuna madigiri 90. Inu panopa muli pa madigiri 40, ndiwo amapereka mamita 4.4. Ndipo 30K ija musaikhulupirire kwambiri, amaiyeza ndi ILDA test pattern (chithunzi choyesera cha bungwe la zionetsero za laser) pa madigiri 8 okha. Mukatambasula, tigalasi ta scanner timayenda mtunda wautali m'nthawi yomweyo, n'chifukwa chake makona akufufutika ndi kulirako.

Lens ya 2x ikupatsani mamita 9 mpaka 10 ma scanner ali pomwepo. Kuti mufike 12, muwakwezabe kupitirira madigiri 45, apo ayi mufune lens yamphamvu kuposa pamenepo. Koma palibe chaulere: lens imakulitsanso divergence (kumwazika kwa beam ikamapita kutali) mofanana. Beam ya 1 mrad (yokula milimita imodzi pa mita iliyonse) ikhala 2 mrad. Kumapeto kwa khoma mtunda ndi mamita 8.5, kadontho kakula ndi mamilimita 17, komanso kakugwera chopendekera ndiye katalika. Pa ma beam a mu utsi zilibe kanthu. Pa logo ya zilembo zing'onozing'ono mudandaula.

Woyankha 2: Za foni zija zisiyeni. Zambiri ndi zapulasitiki kapena zomata ndi guluu, 3 W ikaima pamodzi zimapsa. Funani yagalasi, ya AR coating (yochepetsa kubwerera kwa kuwala) yokwanira mitundu yonse itatu. Galasi lopanda coating limabweza pafupifupi 4% ya kuwala pa mbali yake iliyonse, ndipo kuwala kobwererako kukalowa mu diode (gwero la kuwala kwa laser) kungaiwononge. Chinanso, ma wavelength a 445 nm (buluu), 520 nm (wobiriwira) ndi 638 nm (wofiira) sapindika mofanana mu lens yotchipa. Pakati mzere uoneka woyera bwinobwino, m'mbali mugawanika wofiira uku, wabuluu uko.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga poika ndiyambe bwanji? Bracket yogwirira lens ndipanga ndekha.

Woyankha 2: Lens ikhale pafupi ndi tigalasi ta scanner mmene mungathere. Ikatalikira, beam ya m'mbali imagunda mkombero wa lens, makona a chithunzi n'kudulidwa. Tsitsani mphamvu mpaka pansi, valani magalasi oteteza ogwirizana ndi ma wavelength anu, muonetse kadontho kamodzi pakati, muike chizindikiro pakhoma. Mukaika lens, kadonthoko kagwere pomwepo. Kakasuntha ndiye kuti lens ili pambali. Kenako onetsani grid, muyambire size yaing'ono n'kumakweza. Mizere ya m'mbali ipindika ndithu, muiwongole ndi geometric correction ya mu software. Bracket ikhale yachitsulo yomanga ndi ma screw, osati tepi, bass imagwedeza zinthu.

Woyankha 3: Palibe watchula maso a anthu. Laser iliyonse yopitirira 500 mW ndi Class 4, gulu loopsa kwambiri. Ma zone onse (malire a kumene beam imaloledwa kufika) amene munakonza kale afa pomwe mwaika lens, chifukwa beam yomwe inkadutsa pamwamba pa mitu tsopano ikhoza kutsikira kumaso. Konzaninso m'holo mulibe munthu, ndipo muike chotchinga chachitsulo kutsogolo kwa lens, osati kumbuyo kwake. Software ikhoza kuima, chitsulo sichiima. Musaganizenso kuti poti divergence yakula ndiye beam yafatsa: potuluka mu lens imakhala yocheperapo, pafupi imawotcha kuposa kale.

Woyankha 1: Zoona zimenezo. Ine ndikanati, ngati ntchito yake ndi zilembo ndi ma logo, pezani laser yachiwiri, iliyonse itenge mamita 6. Ndi madigiri 53 iliyonse, ochulukabe kwa 30K, choncho muchepetse ma point m'chithunzi ndi kutsitsa scan rate (liwiro la ma scanner). Mzere ukhala wakuthwa, kuwalanso sikuchepa. Lens imamwaza 3 W yomweyo pa mzere wotalika kawiri.

Wofunsa: Zambiri ndi ma beam mu utsi, logo ndi imodzi yokha yaikulu. Ndiyesa ya 2x, chotchinga ndidula mawa.