Idapulumutsa Britain mu 1940 ndi iti, Spitfire kapena Hurricane?

Kadzidzi77

Abale okonda ndege zankhondo zakale tandithandizeni pa iyi. Kale ukafunsa munthu za Battle of Britain ya 1940, nkhondo ya mlengalenga ya Britain ndi Germany, ankangoti Spitfire, pachithunzi paliponse Spitfire, koma masiku ano ambiri atembenuka, akuti yomwe idakhetsa thukuta ndi Hurricane, inayo idangotchuka ndi mapiko okongola aja. Nde zoona zake ndi ziti? Mesa zonse zinali ndi injini ya Rolls-Royce Merlin, mfuti 8 iliyonse, nanga zidatani kuti imodzi itenge ulemu wonse?

Mapiko_Awiri

Akulu, chaka chimenecho ma Hurricane anali ambiri mu RAF (gulu la ndege zankhondo la Britain) kuposa ma Spitfire, ndipo pa ndege za Germany zomwe zidagwetsedwa, zoposa theka adagwetsa ndi iwowa. Olo 303 Squadron ya anyamata aku Poland, yomwe mbiri yake idamveka ponseponse, inkayendetsa Hurricane. Ine chimandisangalatsa ndi kapangidwe kake, Sydney Camm adaipanga mwachikale, chakumchira kunali mapaipi achitsulo ndi timatabwa kenako n'kukuta ndi nsalu, nde chipolopolo chikabwera nthawi zambiri chinkangoboola nsaluyo n'kutulukira uko, amakaniko amata chigamba pabwalo pomwepo ndege ija yabwereranso kumwamba. Spitfire thupi lonse chitsulo, ikabooka inkafuna amisiri enieni ndi nthawi, pomwe nthawiyo kunalibe. Matayala a Hurricane analinso otalikirana, pamabwalo audzu aja kutera sikunkavuta. Kwa ine Spitfire ndi chikomekome cha mkuyu basi.

Gogo_Merlin

Iii apo nde mwapyola nazo bwanawe. Ndi zimenezi zimandibowa, dzana tonse tinali a Spitfire, lero munthu akangomva nkhani ya nsalu ija wayamba kuinyoza kuti aoneke wodziwa. Hurricane inkachepa liwiro ikakumana ndi Bf 109, ndege yomenyera nkhondo ya Germany, makamaka pamwamba kwambiri, yomwe inkalimbana nayo mofanana inali Spitfire. Komanso Hurricane pofika nthawiyo inali itatsala pang'ono kufika pomwe sakanathanso kuikonza kuti ipite patsogolo, pomwe Spitfire, yomwe adaipanga R. J. Mitchell, adapitiriza kuikonza nkhondo yonse mpaka kuiika injini ya Griffon, ndipo adapanga zoposa 20,000. Mitchell mwini wake adamwalira mu 1937 osaona zonsezi.

China chomwe okonda Hurricane safuna kuchitchula ndi moto. Inali ndi thanki ya mafuta kutsogolo kwenikweni kwa payiloti, ikangolasidwa malawi ankalowa momwe wakhalamo, manja ndi nkhope n'kupseratu, ambiri mwa anyamatawo ndi omwe dokotala Archibald McIndoe ankawakonza nkhope ku East Grinstead.

Nanga vuto la kabuleta? Limenelo linali la zonse ziwiri, payiloti akakankha ndodo yowongolera ndege mwadzidzidzi kuti atsike Merlin inkatsamwa, pomwe Bf 109 inali ndi fuel injection (yopopera mafuta mu injini popanda kabuleta) inkangotsika osadodoma. Adadzachepetsa vutoli ndi mayi wina injiniya, Beatrice Shilling, ndi kachitsulo kabowo komwe adayamba kukaika mu 1941.

Nthenga_Yakuda

Ine ndimaona kuti funso loti yabwino ndi iti silikwana osanena kuti inkamenyera kuti, pamwamba bwanji, ndipo mkatimo munali ndani. Taonani P-39 Airacobra ya ku America, aku Britain adaiyesa n'kuikana chifukwa ikakwera pamwamba injini inkafooka, koma ataipereka ku Soviet Union komwe nkhondo ya mlengalenga inkachitikira munsimunsi, idasanduka chilombo, payiloti wawo Aleksandr Pokryshkin adagwetsa nayo ndege zambirimbiri. Brewster Buffalo nayo, ili m'manja mwa aku America ku Midway mu 1942 ma Zero aku Japan adaisambitsa chokweza mpaka lero ena amaitcha ndege yachabechabe kuposa zonse, koma aku Finland adavutitsa nayo ma Soviet koopsa. Olo Mustang ya ku America yomwe timaitamandayi, ili ndi injini ya Allison pamwamba inalibe mphamvu, idadzakhala Mustang yomwe tikuidziwa ataiika Merlin yomweyo.

Komanso manambala a ndege zogwetsedwa musamangowameza aise. Pa 15 September 1940 RAF idalengeza kuti yagwetsa 185, nkhondo itatha ataona mabuku aku Germany zidapezeka kuti zinali pafupifupi 60. Sikuti ankanama dala ayi, anthu atatu akuwombera ndege imodzi pa liwiro limenelo aliyense akaona utsi amati ndi yake. A Luftwaffe, gulu la ndege zankhondo la Germany, nawonso ankachulutsa chimodzimodzi.

Kadzidzi77

Eee 185 kufika pa 60 kkkk. Nanga zija amati Spitfire ankaituma kwa ma Bf 109, Hurricane kwa zoponya mabomba, zinkachitikadi?

Gogo_Merlin

Papepala akuluakulu ankafunadi choncho, koma kumwambako zinkangosakanikirana, radar ikaona adani ankanyamutsa gulu lomwe lili pafupi ndipo lakonzeka, yemwe wakumana naye ndi yemweyo. Musaiwalenso kuti Bf 109 inkachokera ku France, ikafika pamwamba pa London inkakhala ndi mafuta omenyera mphindi zowerengeka chabe, kenako payiloti maso ali pa geji kuganiza zowolokanso nyanja. Wa Hurricane akagwetsedwa n'kutsika ndi parachuti ankatera kwawo, ena mawa lake ali mu ndege ina, wa Germany akatera ku Kent, ku England komweko, ankapita kundende ya akaidi ankhondo.