Nyimbo ya mkaidi m'filimu yathu: tisunge mawu a pamalo kapena tijambulenso?

aMwale:
Akuluakulu, ndithandizeni msanga chifukwa mix (kuphatikiza mawu onse a m'filimu) ikufunika Lachisanu. Tikumaliza filimu yaifupi ya mkaidi wachimalawi kuno ku Johannesburg amene wamva kuti mayi ake amwalira kumudzi, koma iye sangakaike nawo maliro. Usiku akuyamba nyimbo ya maliro chapansipansi, anzake m'selo n'kumavomera mmodzimmodzi. Tinajambulira m'chipinda cha konkire, choncho boom (maikolofoni ya pa ndodo yaitali) inatola mkokomo wadzaoneni pamodzi ndi mahutala a mataxi, ndipo lapel (kamaikolofoni kopanira pa chovala) inkakhulana ndi bulangete. Dayirekita akufuna ADR (kujambulanso mawu mu situdiyo) ndi piyano pansi pake. Ine ndikukana, chifukwa pamene mawu a mnyamatayo akuthyoka m'ndime yachiwiri ndi pamene pagona filimu yonse.

aPhiri:
Mulowetseni mu situdiyo aimbenso, inu mudzaikemo reverb (mkokomo wochita kuikamo) yanuyanu. Woonera amakhululukira chithunzi chakuda, koma mawu oipa sakhululukira.

Nabanda:
Ine ndikuti piyanoyo isalowemo, aMwale. Mkaidi alibe china chilichonse chotulutsira chisoni kupatula kukhosi kwake, ndipo mukamuthandiza ndi chida chimene m'selomo mulibe, mwamulanda kulira kwake n'kukupereka kwa wopeka nyimbo. Kumbukirani kuti Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, anakajambula nyimbo za akaidi m'ndende ya Zomba mu 2013, m'makoma momwemo, nyimbo zina zili mawu okhaokha, ndipo chimbale cha nyimbozo chinapikisana nawo pa mphoto za nyimbo za Grammy mu 2016. Mkokomo wa chipinda umauza khutu kuti munthuyu watsekeredwa.

aPhiri:
Chimenecho chinali chimbale, mayi. M'filimu muli zolankhula zimene ziyenera kugwirizana ndi nyimboyo, ndipo hutala ya taxi si mkokomo wa m'ndende ngati wa ku Zomba uja. Aimbenso basi.

aGondwe:
Chenjerani ndi kuimbitsanso. Tinachitapo zimenezi ndi mtsikana wina amene bambo ake anali atangomwalira kumene. Pamalo ojambulira anaimba mpaka wogwira boom anagwetsa misozi, koma titamuveka mahedifoni mu situdiyo anangoti duu, manja ali pakamwa, kenaka anapempha kuti apite kwawo. Komanso musaiwale kuti akuluakulu ena kwathu sakondwa kumva nyimbo ya maliro pamene palibe maliro, amati ndi malaulo, choncho amene ankavomera aja mwina sangalole kubwereza.

Nabanda:
Ngati muyeretsa mawuwo ndi pulogalamu ya pakompyuta ya iZotope RX, chotsani mahutala limodzilimodzi ndi dzanja, ndipo de-reverb (yochotsera mkokomo) musaikankhe kwambiri chifukwa imadya mpweya umene woimba amakoka asanayambe mzere, mawu n'kumamveka ngati ali pansi pa madzi.

aChirwa:
Palibe amene wafunsa kuti nyimboyo ndi ya ndani. Anthu amaganiza kuti nyimbo iliyonse ya pamaliro ilibe mwini, pamene zina zinapekedwa ndi makwaya amene alipo mpaka lero. Funsani ku mabungwe oona za umwini wa nyimbo, COSOMA ya ku Malawi ndiponso SAMRO ya ku South Africa ku Braamfontein, musanatseke mix, chifukwa akadzakuletsani filimu itatuluka mudzachotsa chigawo chonsecho.

aPhiri:
Ndiye mwaona, ngati nyimboyo ili ndi mwini, mudzafunikabe kujambulanso. ADR ndiyo njira.

aGondwe:
aMwale, kodi room tone (kamvekedwe ka chipindacho anthu ali chete) munatenga? Nanga ovomera aja ali pa track yawoyawo kapena onse ali pa boom imodzi?