Kodi Iridium ingalowe m'malo mwa wailesi ya HF pa sitima yofufuza?

Akuluakulu amene munagwirapo ntchito ya mawailesi pa sitima za panyanja, ndikupempha nzeru zanu. Ndikuthandiza kusankha zipangizo zolumikizirana za sitima yofufuza za sayansi imene idzafike kufupi ndi Antarctica, kupitirira madigiri 70 kum'mwera, kumene masetilaiti olumikizirana a kampani ya Inmarsat, popeza amakhala pamwamba pa equator, amaonekera m'munsi kwambiri moti kulumikizana kumadukaduka.

Wailesi ya VHF (yolankhulirana pafupi) ya tchanelo 16 ndi EPIRB ya 406 MHz (kachipangizo kotumiza uthenga woti sitima ili pangozi) zilipo kale, ndipo sindikuzikayikira. Chondivuta n'chakuti kampani ya Iridium, yomwe masetilaiti ake 66 amafikira dziko lonse lapansi, inayamba kugwira ntchito m'dongosolo la GMDSS (lotumizira mauthenga a ngozi za panyanja padziko lonse) mu 2020. Kodi tsopano ingalowe m'malo mwa wailesi ya HF (yolankhulirana patali kwambiri popanda setilaiti), kapena oyendera sitima amafunabe zonse ziwiri? Ine ndikuona kuti kuchotsa HF n'kuika moyo wa anthu pachiswe, ngakhale kuti imadya malo ndiponso imafuna munthu woidziwa bwino.

Ndikufunanso kudziwa pamene munaika antena ya VSAT (yooneka ngati mbale, yolumikizirana ndi setilaiti) kuti mlongoti usamaitchinge komanso radar isamaisokoneze, makamaka pa nthawi imene asayansi akutumiza zotsatira zambiri za kafukufuku kumtunda.