Ndiyambirenso Dragon Age: Origins kapena ndipitirize ndi elf wangayu?

Anzanga amene mudasewerapo Dragon Age: Origins, gemu ya BioWare ya 2009, ndithandizeni maganizo.

Poyamba penipeni gemuyi imakupatsa magwero 6 a munthu amene uzimusewera oti usankhepo. Ine ndidasankha mtsikana wamtundu wa elf wokulira mu Alienage, dera la ma elf osauka mumzinda wa Denerim. Tsiku la ukwati wake Vaughan, mwana wa bwana, adadzagwira atsikana ngati nkhuku, ndipo nditamupeza m'nyumba mwake ndidakana ndalama zake n'kumupha. Kuyambira pamenepo mtsikanayu ndidamukonda zedi. Alonda akamunyoza chifukwa cha makutu ake osongoka, ineyo ndimapsa mtima nditagwira mbewa ya kompyuta.

Tsopano ndatsala pang'ono kufika ku Landsmeet, msonkhano wa mabwana wosankha wolamulira dziko, ndipo mtsikanayu ndi Alistair, mnzake wa pankhondo amenenso ndi mwana wa mfumu, ali pachibwenzi. Mnzanga wandiuza kuti ndikamuika Alistair pampando wachifumu, elf sangakhale mfumukazi, mwayiwo ndi wa mwana wamkazi wa banja la mabwana la Cousland yekha, lomwe ndi gwero lina la gemuyi. Nkhani imeneyi yandidwalitsa mutu, chifukwa chosankha chija ndidachipanga pa mphindi zochepa ndisanadziwe kalikonse.

Funso langa ndi ili: kodi ndikasiya ufumu m'manja mwa Anora, mkazi wa mfumu imene idamwalira, chibwenzicho chimapitirira mpaka kumapeto? Nanga inu amene mudayamba ndi dwarf wachifumu, zimamveka bwanji kubwerera ku Orzammar, mzinda wa ma dwarf, n'kukapeza mchimwene wanu Bhelen akulimbirana ufumu ndi bwana wina dzina lake Harrowmont? Kodi kusiyanako n'kokwanira kuti munthu ayambirenso?

Chonde musandiululire za nkhondo yomaliza, sindinafikeko.