Rioja akubwezedwa patebulo, vuto ndi vinyo kapena ndi ife?

Gift, Cape Town:
Abale, ndithandizeni. Abwana a pa lesitilanti yomwe ndimagwira ntchito anagula makatoni 4 a Rioja Gran Reserva, vinyo wofiira wa ku dera la Rioja ku Spain, ndipo sabata ino yokha mabotolo 3 abwezedwa. Kasitomala akangoona kuti m'mphepete mwa galasi vinyo akuoneka ngati njerwa, basi akuti wawonongeka. Wina anati akununkha chikopa ndi fodya. Abwana akundiyang'ana ngati ndine ndinaponda mphesazo.

NaBanda, Johannesburg:
Achimwene, mabotolo obwezedwawo inuyo munalawako?

Gift:
Ayi achemwali, ndinangowaika kuseri.

NaBanda:
Yambirani pamenepo. Vinyo woonongeka ndi chotsekera amanunkha ngati katoni yonyowa imene yagonera pansi, ndipo fungo la zipatso limazimiririka. Koma chikopa, fodya ndi mtundu wa njerwa ndi ukalamba chabe. Lamulo la ku Rioja limati Gran Reserva wofiira asatuluke zisanathe zaka 5, ndipo zosachepera 2 akhale mu mgolo wa mtengo wa oak. Reserva ndi zaka 3, Crianza zaka 2. Munthu wozolowera Shiraz wa ku Stellenbosch, wakuda bii, akaona vinyo wokalamba wa Tempranillo, mtundu wa mphesa wa ku Rioja, amadabwa ndithu.

A Phiri, London:
Achemwali anena zoona, koma ine ndifunse: mabotolowo akusungidwa pati? Kumene ndinkagwira kale ankawaimika pashelefu pafupi ndi khomo la khitchini, ati aziwoneka. Vinyo ankafika patebulo ali wofunda ngati tiyi wa dzulo.

Gift:
Ali pamwamba pa bala, pansi pa magetsi. Ndipo kuno kukutentha.

A Phiri:
Ndiye mwampeza mfiti. Atsitseni lero lomwe, muwagoneke pamalo ozizira ndi amdima. Pothira akhale pa madigiri 16 mpaka 18. Kukatentha, mphindi 20 mufiriji sizilakwika.

Chikondi, Durban:
Ine ndimathira mu decanter, jagi yagalasi yopatsira vinyo mpweya, ola lathunthu kasitomala asanamwe.

NaBanda:
Ola lathunthu ayi, mng'ono wanga. Vinyo wachinyamata wa ku Ribera del Duero, dera lina la ku Spain, angapirire zimenezo, koma nkhalamba ina ukaipatsa mpweya wambiri imafooka chakudya chisanafike. Lawani kaye. Ngati ndi nsenga za pansi, thirani pang'onopang'ono n'kupereka nthawi yomweyo.

Komanso a Gift, vuto lalikulu lili pakamwa panu. Mukumuuza chiyani munthu musanatsegule? Ine ndimanena poyera kuti bwana, uyu ndi vinyo wokhwima, mtundu wake ndi wotuwirako, mumva vanila chifukwa migolo yambiri ya ku Rioja ndi ya oak wa ku America. Akamva fungolo amagwedeza mutu ngati walitulukira yekha. Ndimawonjezanso kuti opanga anamusungira okha zaka zonsezo, pomwe wa ku Bordeaux wa msinkhu womwewo nthawi zambiri mtengo wake umalasa. Wina akachita chidwi ndimamufotokozera za Haro, tauni ya ku Rioja imene nyumba zakale zopangira vinyo monga López de Heredia ya 1877 ndi CVNE ya 1879 zinamangidwa pafupi ndi siteshoni ya sitima, nthawi imene tizilombo ta phylloxera tinali titawononga minda ya ku France. Koma osachulutsa gaga, anthu abwera kudzadya.

A Phiri:
Mugulitseni ndi nkhosa. Ku Rioja komweko amawotcha nthiti za nkhosa pa nthambi zouma za mpesa, ndipo inu muli ndi nkhosa ya ku Karoo pakhomo. Woitanitsa nsomba musamukakamize, mpatseni Albariño, vinyo woyera wa ku Rías Baixas ku Spain, ngati alipo. Muwapemphenso abwana agule Crianza woti muzigulitsa pagalasi, anthu azolowere Tempranillo asanalumphire botolo lodula.

Gift:
Ndabwerako. Ndinalawa onse atatu pamodzi ndi abwana. Limodzi linalidi la katoni yonyowa, tabweza kwa otigulitsa ndipo avomera kusintha. Awiriwo analibe vuto, tamwa ndi ophika titatseka. Makatoni tawasamutsira kuchipinda chapansi. Usiku wathawu tebulo la anthu 6 linaitanitsa nkhosa, ndinawachenjeza za mtunduwo ndisanatsegule, ndipo anawonjezera botolo lachiwiri. Za Crianza abwana akuti tikambirane Lolemba.